Mmene Ndinatsala Pang'ono Kuvala Nkhuku pa Siteshoni

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka zambiri, ndipo mkazi wanga akaiyamba pagulu ine ndimadzuka n'kupita panja kukaona ngati galimoto ndinakhoma. Koma poti ana anga anaimva kale, ndipo anaimva mokhota, bola ndiifotokoze ndekha. Ndi nkhani ya chaka chimene ndinayendetsa timu ya masewera amene sindinkawadziwa, pogwiritsa ntchito ndalama zimene kunalibe, mpaka kutsala pang'ono kutaya mkazi weniweni.

Chinali chaka cha 1994. Ndinali nditatha zaka ziwiri ku Canada, ndikukhala m'nyumba ina yosanja kwambiri ku North York, ndikugwira ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi pakati pa mzinda wa Toronto. Mzinda wonse unali utapenga ndi besibo chifukwa timu yawo inali itatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana. Kwa inu amene simuidziwa, besibo ndi raundasi ija tinkasewera ku pulayimale, kungoti kuno amaisewera ndi azibambo a ndevu zawo, ndipo amalipidwa. Wina amaponya mpira, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi. Akabwerera pamene anayambira, chimenecho ndiye chigoli. Zimene ndinkadziwa ine zinathera pomwepo.

Ku ofesi ndinalibe mnzanga. Nthawi ya nkhomaliro amuna ena onse ankaunjikana patebulo limodzi kukangana za manambala, ine ndili pakona ndi kontena yanga ya mpunga ndi nyemba. Zinkandiwawa, ndisaname. Ndiye tsiku lina bwana wa gawo lathu, mzungu wina wamtali dzina lake Doug, anaima pafupi nane n'kundiuza kuti iwo ali ndi ligi, munthu mmodzi wasamuka, ndipo malo alipo ngati ndingafune. Ndinavomera asanamalize n'komwe kulankhula.

Ligiyo inali ya papepala. Tinalipo anthu khumi, aliyense ndi timu yake. Munkagula mayina a osewera enieni, Doug n'kuwalowetsa mu kompyuta ya kunyumba kwake pamodzi ndi manambala a mmene aliyense anasewerera chaka chatha. Kompyutayo inkaseweretsa matimuwo yokha, ndipo Lolemba lililonse Doug ankabweretsa zotsatira n'kuzikhoma pakhoma la kukhitchini ya ku ofesi. Ndalama zogulira osewera zinali zongoyerekeza: aliyense madola 260 a m'mutu, oti agule nawo anthu 23.

"Lamulo lalikulu ndi limodzi," Doug anatero akunditambasulira pepala loti ndisaine. "Amene wathera pansi penipeni amavala nkhuku."

Anandionetsa chithunzi cha chaka chatha. Chinali chovala chachikasu, cha nthenga, mchira wake ulipo, miyendo yofiira, lipombo pamutu, koma nkhope ya munthu ili poyera. Womaliza ankachivala Lolemba loyamba la Okutobala n'kukaima pakhomo lalikulu la siteshoni ya sitima pakati pa mzinda, kuyambira 7 koloko mpaka 9 koloko m'mawa, atanyamula chikwangwani cholembedwa kuti iye besibo saidziwa. Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako ndinasaina.

Tsopano ndikuuzeni za Misozi. Anali namwino, wa ku Chipata, ndipo ndinakumana naye ku kampingo kathu ka Amalawi ndi anzathu a ku Zambia kamene kankabwereka holo Lamlungu masana. Analeredwa ndi amalume ake, a Mwale, injiniya wokhala ku Oakville, mkulu wa mpingo, munthu amene ankati akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kukumbukira machimo a ku sekondale. Nditapita kukadzionetsa, anandimvetsera osaphethira, kenako anati aone kaye khalidwe langa, ndipo ngati zonse zili bwino ndidzabwere ndi ankhoswe anga Loweruka lachiwiri la Okutobala. Choncho chaka chimenecho ndinkayenda mosamala kwambiri, tayi pakhosi, ngakhale popita kukagula mkaka.

Kugula osewera kunachitika Loweruka lina masana kumapeto kwa Malichi, m'chipinda chapansi pa nyumba ya Doug ku Oshawa. Inali okushoni. (Ndinakulira ku Limbe, mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera ku okushoni ya fodya, koma sindinalowemo ngakhale tsiku limodzi. Ndikanalowamo bwenzi nkhani ino kulibe.) Sukulu yanga ya kagulidwe inali msika wa Limbe, ndipo mphunzitsi anali mayi anga. Iwo ankati chinthu ukachifuna usaonetse, uyambe wachinyoza kaye. Wogulitsa akatchula mtengo, iwe utchule wapansi zedi. Akakana, nyamuka uzipita pang'onopang'ono, osacheuka, akuitana ndithu. Moyo wanga wonse sindinaonepo njira imeneyi ikulephera.

Doug anatchula dzina loyamba. Mnzathu wina wonenepa, wa phokoso, dzina lake Rick, anakuwa kuti madola 30. Wina anati 35. Rick anati 40. Ine ndinaona kuti anthuwa akuberedwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndiye ndinakweza dzanja modekha.

"Khumi ndi awiri," ndinatero.

Onse anatembenuka kundiyang'ana. Doug anandifotokozera mwaulemu kuti pano mtengo umakwera, sutsika.

"Koma munthu ameneyu ndinamuona pa kanema," ndinayankha. "Ali ndi mimba. Munthu wothamanga amakhala ndi mimba? Madola 40 a chiyani?"

Anaseka mpaka ena kutsamwa mowa. Rick anandimenya pamsana n'kunena kuti sankadziwa kuti ndine wanthabwala chonchi. Ine ndinaganiza kuti njira ya mayi yayamba kugwira, chifukwa wogulitsa akaseka ndiye kuti wafewa.

Kenako panatuluka dzina la woponya mpira wina amene ndinkamufuna zenizeni (dzina lake ndi lokhalo limene ndinali nditalimvapo). Mtengo unafika pa 28. Ndinapukusa mutu, ndinatsonya pang'ono, ndinati mwadulitsa, ndinatenga jekete langa n'kuyamba kukwera masitepe. Ndinkakwera pang'onopang'ono, sitepe iliyonse ndikudikira mawu aja akuti, bwerani achimwene, nanga inu muli ndi zingati? Ndinafika pakati pa masitepe, palibe. Ndinafika pamwamba, palibe. Ndinadutsa kukhitchini, ndinatsegula chitseko, ndinakaima panja pafupi ndi galimoto za anthu. Chipale chofewa chinali chikusungunuka, kamphepo kakulowa mpaka m'mafupa. Ndinaima pamenepo mphindi makumi awiri, khutu lili kuchitseko.

Amene anatuluka anali mkazi wa Doug, atanyamula kapu ya khofi. Anandifunsa ngati ndalandira uthenga woipa wochokera kumudzi.

"Ayi mayi," ndinatero. "Ndikudikira kuti andiitane."

Anandiyang'ana kanthawi, maso odzaza chisoni. "Palibe amene akuitaneni," anatero. "Akuganiza kuti muli kuchimbudzi."

Pamene ndinkabwerera pansi, osewera onse odziwika anali atapita. Munthu wanzeru akanatenga madola ake 260 n'kusesa onse apakatikati amene anatsala. Koma mtima wa ku Limbe suchoka tsiku limodzi. Aliyense amene mtengo wake unkadutsa madola asanu ndinkamusiya, ndipo ndinkadikira kumapeto kumene anthu amagulitsidwa dola imodzi imodzi, anzanga ndalama zitawathera. Ndinadzaza timu yonse ndi madola 61 okha. Ndinanyada kwambiri. Rick anali atamwaza pafupifupi zonse pa akatswiri asanu, ndipo ndinamumvera chisoni mkazi wake.

"Zotsalazi," ndinafunsa Doug tikuvala nsapato, "muzindisungira za chaka chamawa, kapena ndizitenga bwanji?"

"Zotsala ziti?"

"Madola 199."

"Zapsa," anatero Doug. "Ndalama zimenezi ntchito yake inali ya lero basi."

Pobwerera kuchokera ku Oshawa ndinakwera sitima imodzi ndi Rick. Ndalama zinali zongoyerekeza, ndikudziwa, koma zinandipweteka ngati zenizeni. Potsika, Rick anandifunsa saizi ya zovala zanga, akuti akufuna aone ngati nkhuku ija idzandikwane.

Sabata yotsatira Doug anapempha aliyense dzina la timu ndi mndandanda wa omenya mpira, woyamba mpaka wachisanu ndi chinayi, komanso malangizo a nthawi yochotsera woponya akatopa. Timu ndinaitcha Kaunjika (Doug ankaganiza kuti ndi dzina la chilombo cholusa, ndipo sindinamuwongolere). Mndandanda ndinaukonza m'njira imene ndinaona kuti ndi yaulemu, ndinaupereka, ligi inayamba. Tinaluza masewera khumi ndi limodzi oyambirira motsatizana. Lolemba lililonse wina ankajambula nthenga pafupi ndi dzina la timu yanga papepala la kukhitchini lija, ndipo tsiku lina ndinapeza dzira lowiritsa pampando wanga. Ndinalidya, koma mtima sunali m'malo.

Mu Meyi ndinaulula kwa Misozi tili m'basi, ndikuyesa kuinena ngati nkhani yoseketsa. Anaseka ndithu, mpaka ndinafika pa nkhani ya siteshoni ija.

"Wait, wait," anandidula. "Station iti? Door iti?"

Ndinamuuza.

"Imwe! Ndiye door ya a malume iyo! Train yawo ya ku Oakville imafika ten to eight, every single day, ndipo amatulukira pamenepo. Muzavala liti?"

"Lolemba loyamba la Okutobala."

Anawerenga pa zala. Kuchokera Lolemba limenelo kufika Loweruka la ankhoswe panali masiku asanu okha. Anasekanso, misozi ikutsika, anthu m'basi akutiyang'ana. Kenako anasiya kuseka mwadzidzidzi.

"Nikuuzani zoona," anatero. "A malume anakana mnyamata wa cousin wanga chifukwa chabe anabwera ndi ndolo kukhutu. Ndolo imodzi. Akakuonani muli na mchira, just forget it."

Ndinapita kwa Doug kukapempha kuti ndituluke mu ligi, ndipo anandionetsa pamene ndinasaina: wothawa amawerengedwa ngati womaliza. Akanakhala munthu wamba ndikanangomuzemba, koma uyu anali bwana wanga, ndipo anthu amenewa ndi okhawo amene anali atayamba kundisungira mpando pa nkhomaliro. Ndinayesa kusinthanitsa osewera, atatu anga pa mmodzi wa wina. Ndinakazinga mandasi mbale yodzaza kuti ndiwafewetse mitima. Mandasi anadya onse, anayamikira, anapempha kuti ndidzabweretsenso, koma osewera anga palibe anawafuna. Mwezi umenewo kumudzi kunali chisankho chachikulu, Amalawi onse a ku Toronto akuimbirana mafoni kufunsana za mavoti, ine ndili mu laibulale ya ku North York ndi mabuku a besibo amene ankangondizunguza mutu.

Mu Ogasiti kunabwera chimene ndinachiyesa chipulumutso. Osewera enieni ananyanyala ntchito pa nkhani za malipiro, ndipo masewera onse anaima. Mzinda wonse unali pa chisoni, koma ine ndinavina ndekha m'chikepe mpaka pansi. Ndinalowa mu ofesi ya Doug ndi nkhope ya pamaliro, ndinamupepesa, ndinati basi nanga titani, ligi yathu yathera panjira.

"Yathera panjira chifukwa chiyani?" anafunsa. "Ife timagwiritsa ntchito manambala a chaka chatha. Kompyuta sinyanyala."

Pofika kumapeto kwa Ogasiti ndinali pansi penipeni, ndipo amene anali pamwamba panga, wachisanu ndi chinayi, ananditaya ndi masewera asanu ndi anayi. Chodabwitsa n'chakuti munthuyo anali Rick. Akatswiri ake awiri anali atavulala mu kompyutamo (inde, kompyuta imeneyi inkathyolanso anthu miyendo), ndipo olowa m'malo mwawo anali a dola imodzi ngati anga omwe. Komabe masewera asanu ndi anayi ndi phiri, mwezi utatsala umodzi.

Apa ndipamene ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndimachita nacho manyazi. Lamlungu lina ndinapinda pepala la zotsatira, limene linalinso ndi mndandanda wanga ndi malangizo aja, n'kuliika m'kati mwa buku la nyimbo. Abusa akulalikira za mwana wolowerera, ine mutu uli pansi ngati munthu amene mawu amulasa, chonsecho ndikuwerengera kuti ndikufunika kupambana kangati. Sindinaone kuti amene wakhala kumbuyo kwanga ndani. Ndinangoona dzanja likudutsa paphewa panga, lili ndi wotchi yasiliva imene ndinkaidziwa bwino, n'kusolola pepala lija mwakachetechete. Mapemphero atatha, a Mwale anandidutsa pakhomo osaima.

"Pa Chiwelu, ten o'clock, kunyumba," anatero.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Loweruka ndinavala suti, ndinakwera sitima ya ku Oakville, ndinagogoda. Mayi a m'nyumbamo anandipatsa tiyi n'kuzimiririka. A Mwale anali patebulo lodyera, pepala langa lili patsogolo pawo atalisita bwinobwino, pambali pake pali rula ndi pensulo yofiira. Ndinanjuta, ndinapereka moni, ndinakhala m'mphepete mwa mpando.

"Ni njuga iyi?" anafunsa.

"Ayi bambo. Ndalama zake n'zongoyerekeza."

"Munapatsidwa zingati?"

"Madola 260, bambo."

"Munasebenzesa zingati?"

"61."

"So munasunga ndalama zimene kulibe."

"Eya bambo. 199."

Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Ndinawauza zonse, za masitepe, za khofi, za nkhuku, za khomo la pa siteshoni. Ndinaona kuti bola ndife nditaulula. Anaika rula pansi pa mzere woyamba wa mndandanda wanga.

"Manje niuzeni. Uyu mudala wa zaka 38, samenya, sathamanga. Achita chani pa number one?"

"Ndi wamkulu pa onse, bambo."

"Sininamve."

"Ndinayang'ana zaka zobadwa. Sindikanatha kuika mwana patsogolo pa munthu wamkulu. Ndiye ndinayamba ndi wamkulu, kumatsika choncho mpaka wamng'ono."

Rula inatsika pang'onopang'ono mpaka mzere womaliza, pamene panali mnyamata wa zaka 23, yekhayo pa timu yonse amene ankatha kumenya mpira n'kuutulutsa kunja kwa bwalo. Kenako inapita pa malangizo a woponya, bambo wina wa zaka 39, pamene ndinalemba kuti asachotsedwe ngakhale atatopa, amalize yekha.

"Na apa?"

"Kumuchotsa munthu wamkulu pakati pa ntchito, ana akuona, bambo... ndinaona kuti si bwino."

A Mwale anatsinzina. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinadzuka kuti ndikaitane mayi, poganiza kuti ndi mtima, koma ayi, bambo aja anali akuseka. Anaseka mpaka kugona patebulo, akumenya ndi chikhatho, ndipo mayi anasuzumira pakhomo ali ndi mantha chifukwa nawonso phokoso limenelo sankalimva kawirikawiri.

Zinapezeka kuti mkulu wa mpingoyu anali atatha zaka khumi akumvera besibo pa kawailesi ka m'thumba, ndipo pa sitima m'mawa uliwonse ankawerenga tsamba la manambala m'nyuzipepala ngati mmene ena amawerengera Masalimo. Kunyumba analetsedwa kuikamba patebulo. Kumpingo kunalibe woti n'kukamba naye. Chinyanyalireni osewera enieni, munthuyu anali ndi njala, ndipo pepala langa linamupeza pa nthawi yake.

Anandionetsa chinthu chimene mabuku onse a mu laibulale analephera kundilowetsa m'mutu. Pa besibo, woponya akaponya mipira inayi yokhota, womenya n'kukana kuimenya, womenyayo amapita pa ngodya yoyamba ulele, akuyenda. Pakati pa anthu anga otchipa panali anayi amene ntchito yawo inali imeneyo. Sankamenya patali, n'chifukwa chake anzanga sanawafune, koma sankatengeka ndi mpira woipa, ndipo ankafika pa ngodya kawirikawiri.

"Aba ni oumira monga imwe," a Mwale anatero akulemba ndi pensulo yofiira ija. "Munagula bwino mwangozi. Tiike aba kutsogolo, adzaze ma base, ngodya zija, then mwana uyu abwere number four awabweze kunyumba. Mudala wa 38 akapumule pa bench, ulemu tizamupatsa kumeneko. Uyu woponya, five innings, half ya game chabe, out."

"Ndiye tikhoza kutenga chikho, bambo?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chikho muiwale. Tifuna chabe munthu mmodzi pansi pathu."

Mwezi wa Seputembala unali wa mtundu wina. Lolemba lililonse ndikaweruka ndinkaimba foni ku Oakville n'kuwerenga zotsatira mzere ndi mzere, a Mwale akulemba, nthawi zina akukalipira anthu amene sanawaonepo. Za ukwati sitinatchulepo ngakhale kamodzi, ndipo sindinkadziwa ngati akundithandiza ngati mkamwini kapena ngati munthu womvetsa chisoni. Kaunjika inayamba kupambana. Sikuti tsiku lililonse, koma kawiri pa katatu, ndi zigoli zochepa, anthu anga akungoyenda kupita pa ngodya ngati akupita kumsika. Rick ankangotsika. Kusiyana kuja kunafika pa zisanu, kenako ziwiri. Nthenga zinasiya kujambulidwa pa dzina langa. Polowa sabata yomaliza, ine ndi Rick tinali ndendende.

Lolemba lomaliza la Seputembala ndinafika ku ofesi molawirira, koma kukhitchini ndinalephera kulowa. Ndinamva Doug akukhoma pepala. Ndinamva mapazi a anthu akuthamangira kumeneko, kenako chiphokoso. Ndinakhala pa desiki yanga ndikuyang'ana fayilo imene ndinaigwira chadodolido. Ndiyeno Rick anatuluka, nkhope itafiira, n'kudzaima patsogolo panga.

"Madola 61," anatero. "Ndagonja kwa munthu wa madola 61."

Tinamuposa ndi masewera amodzi. Ndinamugwira chanza mwaulemu, ndinayenda bwinobwino mpaka kuchimbudzi, ndinadzitsekera. Ndinakhala pamenepo ndikupuma ngati munthu amene watula thumba la chimanga limene analisenza kuyambira Malichi. Ndinathokoza Mulungu, ndinapepesanso za ulaliki uja sindinaumve.

Lolemba lotsatira ligi yonse inasonkhana pa siteshoni. Rick anali pamenepo, wachikasu kuyambira kumutu mpaka m'maondo, mimba itatuluka pakati pa nthenga, chikwangwani m'manja. Anthu ankamujambula, ena ankalira ngati tambala pomudutsa. Ine sindinathe kuseka kwambiri, chifukwa ndinkangoona nkhope yanga m'bowo lija. Ndinabisala kuseri kwa chipilala. Itatsala mphindi khumi kuti ikwane 8 koloko, khamu la ku Oakville linatuluka, ndipo pakati pake panali a Mwale, chikhoti chakuda, chipewa pamutu. Anaima patsogolo pa nkhuku ija, anawerenga chikwangwani chonse mosafulumira, anavula chipewa n'kuipatsa moni. Kenako anabwera molunjika kuchipilala kwanga ngati kuti anandiona kalekale.

"Pa Chiwelu mubwere na ankhoswe anu," anatero. "Two o'clock. Osachedwa."

"Zikomo kwambiri, bambo." Funso linali litandikhala pakhosi mwezi wonse, ndipo linatuluka lokha. "Bambo, nanga akanakhala ine pamenepo?"

"Sembe sininakuoneni."

"Bambo?"

"Ninatenga day off ya lero kudala, tsiku lija munabwera kunyumba. Misozi anasankha imwe. Sininafune kuona chinthu chimene chinganivute kuiwala pa ukwati." Anakonza chipewa. "Lero sinifunika ku ntchito. Nabwera chabe kuona nkhuku."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti analibe chikwama chawo cha kuntchito. Anatembenuka n'kulowanso m'siteshoni kukadikira sitima yobwerera ku Oakville. Ndinatsala nditaima, maso akundiyabwa, pakati pa anthu othamangira ntchito ndi nkhuku imene inkatukwana chapansipansi.

Anthu akamva nkhaniyi amakonda kundifunsa ngati timu yotchipa ingapambanedi. Ine ndimayankha kuti tinathera pa nambala 9 mwa matimu khumi, ndipo chibadwire sindinasangalalepo ndi nambala ngati imeneyo. Ndinalumbira pamaso pa Misozi kuti ligi ndasiyana nayo mpaka kalekale, ndipo ndinkanena zochokera pansi pa mtima.

Tinakwatirana. Mu Malichi wotsatira foni inalira Loweruka lina m'mawa, ndipo anali apongozi anga. Anati Rick watuluka mu ligi, iwo alankhula kale ndi Doug, malowo atenga, ndiye ndidzawatengere ku Oshawa poti njira ndikuidziwa, ndipo dzina langa analembetsanso kuti ndisavutike. Ndinati zikomo bambo, mwachita bwino. Nditaika foni m'pamene mutu unayamba kugwira ntchito. Ndinafunsa Misozi kuti, nanga zikadzachitika kuti sabata yomaliza pansi penipeni tatsala awiri, ine ndi amalume ako?

Sanakweze n'komwe maso pa nyuzipepala imene ankawerenga.

"Ndiye muzaluza," anatero. "Yellow imakukhalani."